Cranford: mudzi umene unapulumutsa a Matty ndi womwewo unawamana banja

Sabata yatha mnzanga wina anandipeza nditaweramira foni, n'kundifunsa chimene ndinkawerenga. Nditamuuza kuti ndi buku la mu 1853 lonena za amayi achikulire a ku England amene ntchito yawo ndi kuyenderana, kumwa tiyi ndi kusewera makhadi, anangoti, "Ndiye muli chiyani mmenemo?" Tsiku limenelo ndinamuyankha mwachidule chifukwa ndinali ndisanamalize. Pano ndamaliza, ndabwerezanso mitu ina, ndipo yankho langa ndi ili. Ndichenjezeretu kuti ndiulula mathero a nkhaniyi.

Bukuli ndi Cranford, lolembedwa ndi Elizabeth Gaskell, amene anabadwa mu 1810 n'kumwalira mu 1865. Poyamba linkatuluka pang'onopang'ono m'magazini ya Household Words, yomwe mkonzi wake anali Charles Dickens, kuyambira mu Disembala 1851 mpaka mu 1853, kenaka linasindikizidwa ngati buku la mitu 16. Gaskell anakulira m'katawuni ka Knutsford kwa mayi ake aakulu, ndipo atakwatiwa anakakhala ku Manchester, mzinda wa mafakitale a thonje ndi utsi. Cranford ndi Knutsford wosinthidwa dzina, ndipo mzinda wa Drumble, umene m'bukuli uli pa mtunda wa mamailosi 20 pa sitima, ndi Manchester. Wotifotokozera nkhaniyi ndi Mary Smith, mtsikana wa ku Drumble amene amabwera ku Cranford kudzacheza. Amawakonda amayiwa, koma amawasekanso chamumtima.

Ambiri amati bukuli ndi lokoma basi, loseketsa, lopanda minga. Ine sindikuvomereza. Chimene ndaona n'chakuti amayi a ku Cranford ali ndi luso limodzi lalikulu, lomwe ndi kukhala chete pa zimene aliyense akudziwa. Luso limeneli ndi limene limawasunga pa umphawi ndi pa mavuto. Koma ndi lomwelonso limene linadya moyo wa Miss Matty Jenkyns, munthu wabwino koposa onse m'bukuli.

Amuna ali kuti?

Gaskell akuyamba ndi kutiuza kuti nyumba zonse zooneka bwino ku Cranford zili m'manja mwa akazi, ndipo akuwafanizira ndi Amazoni, akazi ankhondo a m'nthano za Agiriki. Amuna ena anamwalira, ena ali ku usilikali, ena pa nyanja, ena amakhalira bizinesi ku Drumble. Otsala ndi mbeta zachikulire ndi amayi amasiye, ndipo iwo amaona kuti mwamuna m'nyumba amangosokoneza.

Izi si nthabwala chabe. Kalembera wa mu 1851 anaonetsa kuti ku Britain akazi anali ochuluka kuposa amuna, ndipo anthu anayamba kukangana kuti akazi osakwatiwawo atani nawo, ngati kuti ndi katundu wotsala pa msika. Komanso lamulo la nthawi imeneyo linkati mkazi akakwatiwa, chuma chake chimapita m'manja mwa mwamuna. Izi zinayamba kusintha ndi lamulo la mu 1870, n'kudzakhazikika bwino mu 1882, Gaskell atamwalira kale. Ndiye mbeta ndi amayi amasiye a ku Cranford, ngakhale anali osauka, anali ndi chinthu chimene akazi apabanja analibe: kandalama kawo kanali kawokawo, ndipo pakhomo panalibe wowalamula.

Koma kandalamako kanali kochepa, ndipo mayi wa "banja labwino" sankaloledwa kugwira ntchito kapena kuchita malonda. Apa ndi pamene chete uja amayambira. Mayi Forrester akaitana anzawo ku tiyi, amakhala pampando ngati sakudziwa kuti kukhitchini kutuluka makeke otani, pamene iwo omwewo ndi amene akhala akuphika m'mawa wonse ndi kamtsikana kawo kantchito. Alendo akudziwa, iwonso akudziwa kuti alendo akudziwa, koma palibe amene atsegule pakamwa. A Matty amayatsa kandulo imodzi yokha, koma amasinthanitsa ziwiri kuti zizikhala zofanana kutalika, kuti mlendo akabwera aganize kuti zonse zimayaka limodzi. Pokacheza kwa mnzako usapitirire mphindi 15. Za ndalama sitikamba, ndi nkhani za anthu amalonda.

Ukamawerenga umaseka, eti. Koma taganizani: awa ndi anthu amene agwirizana kuti asachititsane manyazi. Umphawi wa mnzako wauona, ndiye wayang'ana kumbali kuti ulemu wake usagwe. Ndi chifundo ndithu chimenecho.

Mlendo ndi kalumo kake

Amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ku Cranford mlendoyo ndi Captain Brown, msilikali wopuma amene wapeza ntchito ku njanji, njanji yomwe amayiwa anaikana mpaka kulemba kalata yodandaula. Bamboyu amanena mokweza, pamsewu, kuti ndi wosauka ndipo sangakwanitse lendi ya nyumba yakutiyakuti. Tsiku lina Lamulungu anthu akutuluka m'tchalitchi, anamunyamulira gogo wina wosauka chakudya chake mpaka kunyumba. Amayiwa anadikira kuti apepese chifukwa cha khalidwe losayenera munthu waulemu, koma iye sanadziwe n'komwe kuti walakwa. Pang'ono ndi pang'ono anamuzolowera, mpaka ng'ombe ya Miss Betsy Barker itagwera m'dzenje la laimu n'kusosoka ubweya, malangizo ake ndi amene anatsatidwa: ng'ombeyo anaisokera zovala zotuwa n'kumapita nazo kudambo.

Captain Brown anakangana ndi Miss Deborah Jenkyns, mkulu wake wa a Matty, pa nkhani ya mabuku. Iye ankakonda The Pickwick Papers ya Dickens, imene inali yatsopano, pamene a Deborah ankati palibe wolemba woposa Samuel Johnson wa zaka za m'ma 1700. Ndi mkangano wa zakale ndi zatsopano, wobisala m'mabuku. Ndipo m'mutu wachiwiri womwewo, Captain Brown wagundidwa ndi sitima populumutsa mwana amene analowa m'njanji, iye ali pakati powerenga Pickwick yomweyo. (Dickens monga mkonzi anachotsa dzina la buku lake n'kuikapo la wolemba wina, koma Gaskell analibwezeretsa posindikiza buku.)

Anthu ambiri amaima pamenepa n'kunena kuti uthenga wa bukuli ndi woti sitima, kutanthauza dziko latsopano, ikubwera kudzaphwanya mudzi wakale. Ine ndikuona kuti ndi kuwerenga kwaulesi. Sitima inapha munthu amene ankaikonda, osati amayi amene ankaida. Ndipo taonani zimene a Deborah anachita: anaiwala mkangano, anaperekeza mwana wa malemuyo, Miss Jessie, ku maliro, ndipo pambuyo pake anathandiza kuti akwatiwe ndi Major Gordon, mwamuna amene anamukana kale chifukwa chodwazika mkulu wake. Mabala akuluakulu a m'bukuli sanabwere ndi njanji. Anachitika kale, m'nyumba ya abusa, pakati pa anthu okondana.

Zimene anawachita a Matty

A Deborah ndi a Matty anali ana a m'busa wa tchalitchi cha ku Cranford. Ali mtsikana, a Matty anafunsiridwa ndi Thomas Holbrook, mlimi wokhala ndi munda wakewake, munthu woona mtima, wokonda ndakatulo, amene ankakana mayina aulemu amene sanali ake. A Matty ankamufuna. Koma bambo awo ndi a Deborah anaona kuti mlimi sangakwatire mwana wa abusa. Palibe anawamenya, palibe anawatsekera m'chipinda. Anangowaonetsa kuti sizikuyenera, iwo n'kukana.

Patapita zaka zoposa 30, a Deborah atamwalira, awiriwa akumana mwangozi m'sitolo. Holbrook akuwaitana ku munda wake, akuwawerengera ndakatulo ya Tennyson, a Matty n'kugona tulo pampando. Posakhalitsa nkhalambayo ikupita kukaona Paris, ikubwera itafooka, n'kumwalira. A Matty sakulira pamaso pa anthu, chifukwa mwalamulo la mudzi palibe chimene ataya. Akungopita kwa mayi wosoka zipewa n'kupempha kuti awasokere ngati za mayi Jamieson. Wosokayo akudabwa, chifukwa mayi Jamieson amavala zipewa za amayi amasiye. A Matty akubweza mawu msanga, koma Mary waona, ifenso taona. Mayi ameneyu akufuna kulira maliro a mwamuna amene sanaloledwe kukwatiwa naye, ndipo alibe ngakhale chovala chololedwa cholirira.

Pamenepa ndinaika foni pansi kaye. Palibe amene akukuwa, palibe amene akutukwana, koma moyo wa munthu wathera pomwepo. Kutsogolo a Matty akuulula kwa Mary kuti nthawi zina amalota kamwana kakakazi ka zaka ngati ziwiri, kamene sikakula, kakubwera kudzawakumbatira. Akufotokozanso kuti bambo awo ankawalembetsa m'kabuku mbali ziwiri: m'mawa zimene akuyembekeza kuti zichitika, madzulo zimene zachitikadi. Munthu sufunika kuuzidwa kuti pa moyo wa a Matty mbali ziwirizo sizinafanane.

A Deborah nawonso si mfiti ayi. Anali ndi mutu wakuthwa, wokonda kuwerenga, ndipo akanakhala mwamuna bwenzi atakhala m'busa kapena wolemba mabuku. M'malo mwake, mayi awo atamwalira analumbira kuti sadzasiya bambo awo, n'kukhala wowawerengera ndi wowalembera makalata. Nzeru zonse zija zinathera pa kulondera malamulo a ulemu. Wotsekeredwa anasanduka mlonda wa ndende.

Ndiye pali mlongo wawo Peter, mnyamata wanthabwala. Tsiku lina anavala diresi, shawelo ndi chipewa cha a Deborah, n'kukulunga pilo ngati khanda, n'kumayenda m'munda wa maluwa anthu akusuzumira pampanda. Kwa oonawo zinkatanthauza kuti mwana wa abusa wabereka osakwatiwa. Bambo ake anamuvula zovalazo pamaso pa gulu n'kumukwapula ndi ndodo. Peter anatsanzika mayi ake, n'kuthawa kukalowa ntchito ya pa nyanja. Mayiwo sanachirenso mtima mpaka anamwalira. Onani mmene Gaskell wakonzera: lamulo la zimene mkazi ayenera kukhala ndi zimene mwamuna ayenera kukhala lapweteka onse atatu, ndi bambo amene anakwapula uja, yemwe anakhala moyo wake wotsala ali wosweka.

Banki itagwa

Kwa ine mtima wa bukuli uli pa kugwa kwa Town and County Bank. A Deborah ndi amene anaumirira kuti chuma cha banja chigule masheya m'banki imeneyo, ngakhale bambo ake a Mary, munthu wodziwa bizinesi, anawaletsa. Tsiku lina a Matty ali m'sitolo ya a Johnson kusankha nsalu ya silika, mlimi wina akufuna kugulira mkazi wake shawelo ndi ndalama yapepala ya mapaundi 5 ya banki ija. Wogulitsa akuikana, mphekesera zafika kuti banki ikugwa. A Matty akutulutsa makobidi awo asanu agolide, amene amati agulire diresi, n'kusinthana ndi pepala lija. Maganizo awo ndi osavuta: ngati ndili ndi masheya m'bankimo, ndiye kuti ndine mmodzi wa eni ake, ndipo munthu wosaukayu asavutike chifukwa cha ife. Mary akuyesa kuwaletsa, akupsa mtima, koma mayi wamantha uja, amene moyo wake wonse wakhala akufunsa kuti a Deborah akanati chiyani, kanthawi aka sakufunsa munthu.

Banki yagwadi. A Matty ataya pafupifupi mapaundi 150 pachaka, atsala ndi 13. Ndiye mudzi ukudzuka. Miss Pole akuitanitsa msonkhano wachinsinsi kunyumba kwawo. Mayi aliyense akulemba pa kapepala ndalama imene angathe kupereka chaka chilichonse, n'kumata, kuti mnzake asaone. Mapepalawo apita kwa bambo ake a Mary, amene akonze zoti a Matty azilandira ndalamazo akuganiza kuti ndi zotsala za chuma chawo. Mayi Forrester, osaukitsitsa pa onse, akumukokera Mary pambali akunjenjemera, kupepesa kuti apereka zochepa, pamene kwa iwo ndi gawo lalikulu la chakudya chawo cha chaka.

Luso lija lonamizira kusaona lagwira ntchito yake yabwino koposa apa. Sanangopereka ndalama, aperekanso mwayi woti wolandirayo asaweramitse mutu. Ife a masiku ano, amene munthu akathandiza mnzake amayamba wajambula kuti aike pa Facebook, tili ndi chophunzira.

Koma ndinafunsa ndekha: mudzi umenewu unali kuti pamene a Matty ankamanidwa Holbrook? Unali pomwepo, uli chete, ukuvomereza. Ndipo Gaskell akudziwa zimenezi, chifukwa waika kankhani kena kakang'ono. Mayi Fitz-Adam, mwana wa mlimi amene amayi "apamwamba" anazengereza kumulandira, akuuza Mary chifukwa chimene akufunira kupereka zambiri. Kalekale ali kamtsikana wamba, anakumana panjira ndi a Matty akuyenda ndi mwamuna wina, akuoneka kuti alira. Komabe a Matty anabwerera n'kumuthamangira kudzafunsa za mayi ake amene ankadwala. Tsiku limene mtima wawo unkasweka chifukwa cha kusiyana kwa mabanja, iwo anadumpha mpanda womwewo kukalonjera mwana wa mlimi. Kupatsa n'kuika, ndipo chimene anaika tsiku limenelo anadzachipeza atakalamba.

Kusintha kukuchokera kukhitchini

Chimene chinandisangalatsa n'chakuti amene akusintha Cranford si amuna a ku Drumble, koma akazi amene atopa ndi kunamizira. Woyamba ndi a Matty eni ake. M'nyumba mwawo munali lamulo la a Deborah loti wantchito asakhale ndi chibwenzi. Holbrook atamwalira, a Matty akuitana wantchito wawo Martha n'kumuuza kuti ngati pali mnyamata wabwino azibwera, chifukwa safuna kupweteka mitima ya achinyamata. Martha sakuchedwa, ali naye kale Jem Hearn, kalipentala. Banki itagwa, Martha akukana kuchoka, akugula zophikira ndi ndalama zake, ndipo akufulumizitsa ukwati ndi Jem kuti atenge nyumbayo, a Matty akhale ngati alendi awo. Bwana wasanduka wosungidwa ndi wantchito, ndipo mwana woyamba wa Martha akutchedwa Matilda.

Wina ndi Lady Glenmire, mayi wamasiye wa ku Scotland wokhala ndi dzina lachifumu koma wopanda chuma, amene akukwatiwa ndi dokotala wa m'mudzimo, a Hoggins, mlongo wake wa mayi Fitz-Adam. Mayi Jamieson, mlamu wake, akufuna kukomoka. Koma mayiyu wachita ndendende chimene a Matty analetsedwa, ndipo thambo silinagwe.

Kenaka mwana wa abusa uja akutsegula kasitolo ka masamba a tiyi m'chipinda cha nyumba yake. Asanayambe akupita kwa a Johnson kukafunsa ngati sizipweteka malonda awo, ndipo a Johnson m'malo mokwiya akuyamba kuwatumizira makasitomala. Ana akabwera kudzagula masiwiti, a Matty amawonjezera. Bambo ake a Mary akuti zoterezi zingatheke ku Cranford kokha, kunja kuno ungadyeredwe. Mary akutinong'oneza kuti bambo akewo, ndi kuchenjera kwawo konse, anaberedwa mapaundi oposa 1,000 chaka chathachi. Gaskell, amene analemba Mary Barton mu 1848 za njala ya ogwira ntchito ku Manchester, ankadziwa bwino malonda opanda chifundo, ndipo apa akufunsa mwakachetechete ngati njira ya Drumble ndiyo yokhayo.

Pamene ndikutsutsana naye

Mathero ndi amene sindikugwirizana nawo. Amayi athana nalo vuto okha, Martha wachita zake, sitolo ikuyenda. Kenaka tsiku lina Peter watulukira kuchokera ku India, imvi zili mbuu, ali ndi ndalama zokwanira kuti a Matty atseke sitolo n'kubwerera pa ulemu wakale. Iye yemweyo ndi amene akuyanjanitsa mayi Jamieson ndi banja la a Hoggins ndi nthabwala zake zabodza. Buku limene latha mitu 14 likutionetsa kuti akazi angathe, likumaliza ndi mwamuna wobwera ndi chikwama. Ndikumvetsa kuti Gaskell ankafuna kubweza mwana wothamangitsidwa uja kwawo, ndipo pamene Peter akupereka kwa a Matty mkanda wa ngale ndi nsalu zimene anagulira mtsikana amene ankamukumbukira, osazindikira kuti ndi gogo tsopano, mtima umawawa ndithu. Komabe ndikuona ngati wolembayo anachita mantha kusiya mayi waulemu ali kuseri kwa kauntala.

Chachiwiri, ndalama za Peter zachokera kuti? Anali ndi minda ya indigo, mbewu yopangira utoto wabuluu. Bukuli silifunsa kuti ankalima ndani. Patangopita zaka zochepa litatuluka, mu 1859, alimi a ku Bengal anaukira eni minda a indigo achizungu chifukwa chowakakamiza kulima mbewuyo mowadyera masuku pamutu. Ife amene tinamva kwa agogo za thangata m'minda ya atsamunda sitingawerenge gawo limeneli osatsinzina diso limodzi. A Matty anadzimva kuti ali ndi mlandu pa mapaundi 5 a mlimi amene anamuona ndi maso. Alimi a ku India sanawaone, Gaskell nayenso sanawayang'ane. India m'bukuli ndi malo amene azungu amavutikako, monga mkazi wa wamatsenga Signor Brunoni amene anataya ana asanu ndi mmodzi kumeneko, kapena kumene amakatenga chuma. Chete wa ku Cranford amafika kutali kuposa mmene wolemba wake ankaganizira.

Kodi muliwerenge?

Eya, liwerengeni. Ndi lalifupi, likupezeka laulere pa Project Gutenberg, ndipo silidya bandulo. Chingerezi chake ndi chakale, ziganizo zina n'zazitali, ndipo mitu yoyambirira imaoneka ngati nkhani zosalumikizana chifukwa Gaskell poyamba sankaganiza zolemba buku lathunthu. Pirirani mpaka mufike pa Holbrook. Pali filimu ya BBC ya mu 2007 imene Judi Dench akusewera ngati a Matty, ndi yabwino, koma anasakanizamo nkhani zina za Gaskell, ndiye musaitenge ngati buku lenilenilo.

Kwa mnzanga uja amene anafunsa kuti muli chiyani mmenemo: muli funso limene ine sindinalimalize. Anthu amene adzakusonkhere ukagwa nthawi zambiri ndi omwewo amene amakuuza woyenera kumukwatira, chovala choyenera ndi ntchito yosayenera mwana wa kwanu. Sindikufuna moyo wopanda a Pole ndi mayi Forrester, ndipo sindikufunanso kudzapempha chipewa cha namfedwa ndili ndi zaka 50 chifukwa cha munthu amene ndinamukana poopa anthu. Martha ndi Lady Glenmire anapeza njira yokhalabe m'mudzimo osapereka mtengo umene a Matty anapereka. Ngati mwaliwerenga, ndiuzeni ngati mukuona kuti Peter anafunikadi kubwera ndi ndalama, kapena akanangobwera chimanjamanja n'kudzathandiza mlongo wake kuyeza tiyi pa sikelo.